Tsamba likukana kusungidwa: mafunso ndi mayankho pa malire ndi mauthenga osamveka a Wayback Machine ndi nkhokwe zina

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa atolankhani, ophunzira, olemba pa Wikipedia ndi ena ofuna kusunga tsamba la pa intaneti lisanafufutidwe. Ambiri akukhudza Wayback Machine chifukwa ndiyo anthu amaigwiritsa ntchito kwambiri. Mauthenga a makinawa amabwera m'Chingerezi, ndiye tawalemba monga momwe amaonekera kuti muwazindikire mukawaona.

Kodi kusunga tsamba mu nkhokwe ndiye kutani?

Ndi kupempha bungwe lina kuti litenge kope la tsamba monga momwe likuonekera lero, lilisunge pa makompyuta ake, ndi kukupatsani linki yomwe idzagwirabe ntchito ngakhale mwini tsambalo atalisintha kapena kulichotsa. Nkhokwe yaikulu pa zonse ndi Wayback Machine ya bungwe la Internet Archive, lomwe Brewster Kahle analiyambitsa mu 1996 ku San Francisco. Anthu wamba anayamba kuigwiritsa ntchito mu 2001, ndipo pofika Okutobala 2025 inali itasunga masamba okwana 1 thiriliyoni.

Masamba amatha msanga kuposa momwe ambiri amaganizira. Kafukufuku wa Pew Research Center wa mu 2024 anapeza kuti masamba 38 pa 100 aliwonse omwe analipo mu 2013 sanalinso kutseguka patatha zaka khumi.

Ndimasunga bwanji tsamba ndekha?

Tsegulani web.archive.org/save, ikani adilesi ya tsambalo m'kabokosi, ndipo dinani "Save Page". Njirayi imatchedwa Save Page Now ndipo inayamba mu 2013. Zikayenda bwino mumalandira linki yokhala ndi manambala 14 pakati pake. Manambalawo ndi tsiku ndi nthawi: 20240315083000 akutanthauza 15 Malichi 2024, nthawi ili 08:30. Nthawiyo ndi ya UTC, choncho amene ali ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa awonjezere maola awiri.

Chofunika kuchimvetsa pano, chifukwa mayankho ambiri otsatirawa atsamira pomwepa, n'chakuti tsambalo silichokera pa foni yanu. Inu mumangopereka adilesi. Imene imapita kukalitsegula ndi kompyuta ya Internet Archive, ndipo imasunga zomwe iyoyo yaona, osati zomwe inu mukuona.

Ndi zaulere? Nanga zimadya bandulo yambiri?

Ndi zaulere. Internet Archive si bungwe lopanga phindu, limayendera thandizo la anthu akufuna kwabwino ndi mabungwe ena. Posunga, bandulo imapita yochepa chifukwa ntchito yolemera imachitikira kwa iwo. Imadyeka mukamatsegula kope losungidwalo kuti mulione, monga momwe imadyekera pa tsamba lina lililonse. Koma kutsegula kumeneko musakudumphe pofuna kusunga bandulo. Chifukwa chake chili pa funso la tsamba lotuluka loyera.

Ngati ndi zaulere, malire ndi a chiyani?

Posunga tsamba limodzi, seva yawo (kompyuta yomwe imagwira ntchitoyi) imatsegula browser yeniyeni, n'kudikira kuti zithunzi, zolembedwa ndi timapulogalamu ta m'tsambamo titsike, kenako n'kulemba zonsezo pa disiki. Ntchito imeneyi ndi yolemera, ndipo ma browser otere alipo owerengeka pomwe opempha ali dziko lonse lapansi. Zili ngati pa mjigo umodzi wa mudzi wonse: wobwera ndi migolo khumi amauzidwa kuti atunge iwiri kaye, ena atungeko.

Pali chifukwa chachiwiri chomwe anthu sachiganizira kawirikawiri. Malire ena amateteza webusayiti imene mukusungayo. Anthu mazana atapempha masamba a nyuzipepala imodzi nthawi imodzi, seva ya nyuzipepalayo imaona ngati ikuukiridwa, ndipo eni ake amatha kutsekera Internet Archive kunja mpaka kalekale. Zikatero aluza ndi aliyense, kuphatikizapo amene adzafune kusunga nkhani ya pa nyuzipepalayo chaka chamawa.

Malirewo ndi amitundu ingapo, ndipo munthu amasokonezeka akamawatenga ngati chinthu chimodzi. Alipo a adilesi imodzi pa tsiku, a webusayiti yonse pa tsiku, a nthawi yodikira musanasungenso tsamba lomwelo, ndi a kuchuluka kwa ntchito zomwe munthu mmodzi angayendetse nthawi imodzi. Manambala ake asinthidwa kangapo m'zaka zapitazi, choncho khulupirirani nambala yomwe ili mu uthenga womwe mwaulandira lero, osati yomwe munawerenga penapake kalekale.

Akuti "This URL has been already captured ... times today". Ineyo sindinalisungepo n'kamodzi komwe. Zatheka bwanji?

Malire awa amawerengera tsambalo, osati inuyo. Anthu ena analisunga kale lero mpaka chiwerengero chinakwana. Zimachitika kwambiri pa tsamba loyamba la nyuzipepala, pa nkhani yomwe yavuta, ndi pa masamba a zotsatira za zisankho kapena za mayeso pomwe aliyense akuthamangira komweko.

Uthengawu kwenikweni ndi nkhani yabwino, chifukwa ukukuuzani kuti makope a lero alipo kale. Pitani pa web.archive.org, ikani adilesiyo m'bokosi losakira, ndipo pa kalendala yomwe ituluke dinani tsiku la lero. Nthawi zambiri limodzi mwa makopewo limakhala ndi zomwe mumafuna. Vuto lenileni limakhalapo pokhapokha tsambalo litasintha makopewo atatengedwa kale, mwachitsanzo mwini nkhani wakonza mawu madzulo pomwe makope onse ndi a m'mawa. Pamenepo musadikire mawa: sungani ku nkhokwe ina ndiponso pa kompyuta yanu, monga tafotokozera kumapeto.

Mukaona mawu akuti "host" m'malo mwa "URL", ndiye kuti malire akwana pa webusayiti yonse, osati pa tsamba limodzi lokha. Kusintha tsamba pa webusayiti yomweyo sikuthandiza.

Nanga "The same snapshot had been made ... minutes ago"?

Tsambalo lasungidwa posachedwapa, mwina ndi inu nomwe, ndipo makinawo sakufuna kubwereza ntchito yomweyo. Uthengawo umanena nthawi yoti mudikire, ndipo kawirikawiri umakupatsani linki ya kope lomwe lilipo. Tengani linkiyo.

Ndangoyamba kumene koma akuti ndafika pa malire a "active sessions", kapena pakubwera "429 Too Many Requests". Ndalakwa chiyani?

Mwina palibe chomwe mwalakwa. Munthu amene sanalowe mu akaunti amazindikiridwa ndi adilesi ya IP, nambala yomwe netiweki imamupatsa akalowa pa intaneti. Makampani ambiri a mafoni amagawira makasitomala ochuluka adilesi imodzi ya IP. N'chimodzimodzinso pa Wi-Fi ya pa koleji, mu ofesi, kapena m'malo olipiritsa intaneti. Kwa Wayback Machine, anthu onsewo amaoneka ngati munthu mmodzi wopempha mosalekeza. Wina amene simukumudziwa akhoza kukhala atamaliza gawo lanu musanadzuke n'komwe.

Nthawi zina wolakwa ndi inu ndithu, mosadziwa. Kutsegula ma tab khumi n'kudina "Save Page" pa onse ndi ntchito khumi. Kudina kawiri chifukwa netiweki ikuchedwa ndi ntchito ziwiri. Ndipo ntchito yomwe mwaitsekera tab siima nthawi yomweyo, imapitirira ku seva mpaka ithe kapena nthawi yake ikwane, uku ikuwerengedwabe pa inu. Amene anaika pulogalamu ya Wayback Machine mu browser aonenso ngati sanayatse zoti izisunga yokha tsamba lililonse lomwe atsegula.

Mankhwala ake ndi kusiya kaye. Mphindi imodzi kapena zingapo zimakwanira pa "active sessions". Pa 429, kudinadina n'kumene kumatalikitsa chilango, chifukwa seva imaona pempho lililonse latsopano ngati umboni woti simunamve. Ngati mwadikira koma sizikusintha, chokani pa Wi-Fi mupite pa data ya foni, kapena chokani pa data mupite pa Wi-Fi, kenako werengani funso lotsatirali.

Kodi kutsegula akaunti kumathandiza?

Kumathandiza kwambiri, ndipo ndi kwaulere pa archive.org, mumangofunika imelo. Mukalowa mu akaunti, makinawo amakuwerengerani panokha, osati pamodzi ndi khamu lomwe mukugawana nalo adilesi ya IP, ndipo malire a munthu wa akaunti amakhala otakasuka kuposa a mlendo. Mumapezanso zosankha zina, monga kusunga chithunzi cha tsambalo, kusunga masamba omwe malinki ake ali m'tsambamo, kulandira zotsatira pa imelo, ndi kukhala ndi mndandanda wa zomwe mwasunga.

Akaunti sichotsa malire a tsamba kapena a webusayiti omwe tanena pamwambapa. Amenewo ndi a aliyense. Chenjeraninso ndi bokosi la "Save outlinks": tsamba limodzi la nyuzipepala likhoza kukhala ndi malinki ochuluka zedi, ndipo iliyonse ndi ntchito payokha. Ambiri amene amadabwa kuti afika msanga pa malire amakhala atasiya bokosi limeneli lili lochongedwa.

"Job failed" basi, popanda kufotokoza. Zikutanthauza chiyani?

Uwu ndiye uthenga wokwiyitsa kuposa onse, ndipo kunena zoona Internet Archive ikanatha kuulemba bwino. Umangonena kuti ntchito sinafike kumapeto, osanena pomwe yathera. Zomwe zimabisala kumbuyo kwake ndi zosiyanasiyana. Webusayitiyo inachedwa kuyankha mpaka nthawi inatha. Browser ya ku seva inalemedwa ndi tsamba lodzaza makanema ndi zotsatsa malonda, n'kuima. Chitetezo cha webusayitiyo chinazindikira kuti wabwerayo ndi makina, n'kudula kulumikizana. Satifiketi ya chitetezo ya webusayitiyo inatha ntchito. Kapena vuto lili mkati mwa Internet Archive momwemo, tsamba lanu lilibe mlandu.

Musanayesenso, chitani chinthu chimodzi chomwe ambiri amachidumpha: kaoneni pa kalendala ngati tsambalo silinasungidwe. Zimachitika ndithu kuti uthenga ukunena kuti zakanika pomwe kope linalowa, makamaka ngati netiweki yanu ndiyo inaduka pakati pa ntchito. Tsamba lomwe mumaonapo mmene ntchito ikuyendera limangofunsa seva pafupipafupi kuti "zafika pati?", ndipo funsolo likasowa yankho limatha kulengeza kulephera ngakhale ntchitoyo ikupitirira.

Ngati kope palibedi, pali njira yachidule yodziwira komwe kuli vuto. Yesani kusunga tsamba lina laling'ono la webusayiti ina. Ilo likakanikanso, vuto lili ku Internet Archive kapena pa netiweki yanu, ndiye ingodikirani. Ilo likatheka, yesani tsamba lina la webusayiti yomwe ikuvutayo. Masamba onse a kumeneko akamakana, webusayitiyo ndiyo ikutchinga. Likamakana limodzi lokhalo, ndiye kuti ndi lolemera kapena adilesi yake ili ndi vuto. Chotsani michira yomwe imamatidwa kumapeto kwa adilesi, yoyamba ndi ?fbclid= kapena ?utm_source=, yomwe imabwera mukatenga linki pa Facebook kapena m'makalata a pa imelo. Michirayo si mbali ya tsambalo, ndipo adilesi yoyera ndi imenenso anthu ena adzaisake m'tsogolo.

Kuyesa kawiri kapena katatu motalikitsa nthawi kuli bwino. Kupitirira apo mukungodziitanira 429.

Yanena kuti yasunga, koma ndikadina linki ndikuona kope lakale kapena akuti tsambalo palibe. Latayika?

Kawirikawiri ayi. Kusunga ndi ntchito ina, kulowetsa kopelo m'kaundula womwe Wayback Machine imasakamo ndi ntchito inanso, ndipo yachiwiriyi imatsalira m'mbuyo makina akatanganidwa. Nthawi zina amakuchenjezani okha ndi mawu oyamba ndi "There was a delay in registering this snapshot". Pomwe kope latsopano lisanalowe m'kaundula, Wayback Machine imakutengerani ku kope lomwe tsiku lake layandikira, n'chifukwa chake mumaona la chaka chatha.

Koperani linki yomwe mwapatsidwayo muisunge, muyesenso pakapita maola angapo kapena mawa lake. Poyang'ana, onetsetsani manambala 14 aja mu adilesi. Akasintha mutatsegula, ndiye kuti mwatumizidwa ku kope lina. Wolemba nkhani kapena pepala la kusukulu asamaike linki asanatsimikize zimenezi, chifukwa kope la tsiku lina likhoza kunena zosiyana ndi zomwe iye akuti linanena.

Lasungidwa, koma latuluka loyera, kapena zithunzi palibe, kapena pali "Verify you are human". Bwanji?

Apa ndi pomwe "Done" amanyenga anthu. Kwa makinawo, ntchito yatheka ngati alandira chinachake n'kuchilemba. Sadziwa kusiyanitsa nkhani yeniyeni ndi khomo lofunsa ngati ndinu munthu. Mawebusayiti ambiri masiku ano ali kuseri kwa chitetezo cha makampani ngati Cloudflare, chomwe chimaimitsa makina pakhomo. Foni yanu imadutsa, kompyuta ya ku nkhokwe imaimitsidwa, ndipo chomwe chimasungidwa ndi khomolo.

Tsamba loyera nthawi zambiri ndi nkhani ya JavaScript, chilankhulo cha timapulogalamu ta m'masamba a pa intaneti. Masamba ambiri amakono amafika ngati chigoba chabe, zamkati zimabwera pambuyo pake kuchokera ku ma seva ena. Zina mwa izo zikapanda kutengedwa, kapena zikakana kugwira ntchito potsegulidwa m'nkhokwe, mumatsala ndi chigobacho. Zithunzi zomwe zimaoneka pokhapokha munthu akatsetsereka m'munsi mwa tsamba, ndemanga za owerenga, mapu ndi makanema ndizo zimasowa kawirikawiri.

Palinso masamba omwe amaonetsa zosiyana malinga ndi dziko lomwe munthu ali. Popeza wotsegula ndi seva ya nkhokwe, kopelo likhoza kukhala ndi mitengo ya m'madola, chilankhulo china, kapena uthenga woti zimenezi sizionetsedwa m'dera lanu.

Kusankha "Save screenshot" kumapulumutsa zambiri, chifukwa chithunzicho chimatsala ngakhale tsambalo litakana kutseguka bwino m'tsogolo. Koma lamulo lalikulu ndi ili: tsegulani kope lililonse lomwe mukulidalira, mupeze ndi maso anu chiganizo kapena nambala yomwe munalisungira.

Ndingasunge zolembedwa pa Facebook, X, Instagram kapena WhatsApp?

Chilichonse chofuna kuti munthu alowe kaye mu akaunti sichitheka kudzera pa Save Page Now, chifukwa seva ya nkhokwe ilibe akaunti yanu. Pa Facebook ndi Instagram, ngakhale zolembedwa zoonekera kwa aliyense kawirikawiri zimatuluka ngati tsamba lopempha kulowa. X inayamba kutchinga kwambiri osalowa mu akaunti kuyambira 2023. Za m'magulu a WhatsApp zilibe adilesi ya poyera, ndiye palibe chopereka ku nkhokwe.

Izi zimapweteka kwathu kuno, komwe zidziwitso zambiri za maofesi, mipingo, matimu a mpira ndi andale zimayambira pa Facebook, zina osafika n'komwe pa webusayiti. Chidziwitso chotero chikakhala chofunika, funafunani nyuzipepala kapena wailesi yomwe yachilemba pa webusayiti yake musunge chimenecho, ndipo cha pa Facebook chenichenicho muchisunge nokha monga tafotokozera kumapeto, pa funso la kope lanu.

Akuti adilesiyo ili pa "block list", kapena "This URL has been excluded from the Wayback Machine". Ndingatani?

Awa si malire a tsiku, ndipo kudikira sikusintha kanthu. Woyambawo ukutanthauza kuti Save Page Now siilandira adilesi imeneyo. Wachiwiriwo ukutanthauza kuti makope a webusayitiyo sakuonetsedwa, kawirikawiri chifukwa eni ake anapempha choncho kapena pali nkhani ya malamulo. Chifukwa chenicheni cha webusayiti iliyonse sachilemba pa uthengawo.

Kale, kafayilo kotchedwa robots.txt kankatha kubisa mbiri yonse ya webusayiti, ngakhale amene wakaikayo atakhala munthu amene wangogula dzina la webusayitiyo posachedwa. Mu 2017 Internet Archive inalengeza kuti ichepetsa kudalira kafayiloko. Koma kutchinga kwabweranso mwa njira ina. Mu Ogasiti 2025 webusayiti ya zokambirana ya Reddit inalengeza kuti iletsa Wayback Machine kutenga pafupifupi zonse kupatula tsamba lake loyamba, ponena kuti makampani a AI amakolola zolembedwa zake kudzera m'nkhokweyo. Webusayiti ikatseka khomo motere, amene akusunga nkhani imodzi pa zifukwa zabwino amatsekeredwa pamodzi ndi okololawo.

Manambala ngati 403, 404, 502, 503 ndi 504 akunena chiyani? Nanga mitundu ya pa kalendala?

Oyamba ndi 4 amanena za pempho: 403 ndi kukanizidwa, 404 ndi kuti tsambalo palibe, 429 ndi kuchulutsa mapempho. Oyamba ndi 5 amanena kuti seva ndiyo yavutika: 502 ndi 504 ndi pomwe seva ina yapakati sinalandire yankho labwino kapena yatopa kudikira, 503 ndi pomwe seva yalemedwa kapena ikukonzedwa. Chovuta n'kudziwa kuti nambalayo yachokera kwa ndani. Ikabwera mkati mwa bokosi la zotsatira za Save Page Now, kawirikawiri ndi yankho la webusayiti yomwe mukusungayo. Tsamba lonse la web.archive.org likasanduka uthenga wa 503, vuto ndi la Internet Archive.

Pa kalendala, timadontho ta buluu ndi makope omwe anatengedwa bwino, tobiriwira ndi pomwe adilesiyo inatumiza ku adilesi ina, ta olenji ndi zolakwika za gulu la 4, tofiira ndi za gulu la 5. Yambani ndi ta buluu, koma kumbukirani kuti khomo lofunsa ngati ndinu munthu nalonso nthawi zina limalembedwa buluu.

Palibe chomwe chikutheka lero. Kodi nkhokwe yonse imatha kugwa?

Imatha. Mu Okutobala 2024 Internet Archive inaukiridwa: ena anaimiza ndi mapempho abodza mpaka inaleka kuyankha, ndipo zinadziwika kuti mbiri ya maakaunti pafupifupi 31 miliyoni inabedwa. Wayback Machine inabwerera patatha masiku angapo koma yongowerenga, ndipo Save Page Now inayambanso kumayambiriro kwa Novembala. Kwa masabata amenewo, aliyense amene ankadalira njira imodzi yokhayi analibe posungira. Kuzima kwa magetsi ndi kukonza makina nakonso kumaimitsa ntchito kwa maola. Zikatere amalengeza pa masamba awo a mchezo, ndiye onani kumeneko musanayambe kukayikira foni yanu.

Amene anali ndi akaunti nthawi imeneyo ndipo sanasinthebe password asinthe, makamaka ngati yomweyo amaigwiritsanso ntchito kwina.

Ndayesa archive.today, koma CAPTCHA (kamayeso kotsimikizira kuti ndinu munthu) ikungobwerabwera kapena tsamba silikutseguka n'komwe. Chikuchitika n'chiyani?

Nkhokwe iyi inayamba mu 2012 ndipo ili ndi maina angapo, monga archive.ph ndi archive.is, onse olowera kumodzi. Imasunga tsamba monga momwe linaonekera litamaliza kutseguka, pamodzi ndi chithunzi chake, choncho nthawi zambiri imatha masamba omwe Wayback Machine yawatulutsa oyera. Makanema ndi mawu omvera siisunga. Ikatanganidwa imakuikani pa mzere n'kukuonetsani nambala yanu, ndipo pamenepo palibe chochita koma kusiya tab ili yotsegula.

CAPTCHA yosatha ndi kusatseguka zakhala zikugwirizana kwa zaka zambiri ndi nkhani ya DNS, njira yomwe foni imasandutsira dzina la webusayiti kukhala adilesi ya IP. Ogwiritsa ntchito DNS ya Cloudflare ya 1.1.1.1 ndiwo akhala akuvutika kwambiri. Ngati munayatsa "Private DNS" pa Android, "Secure DNS" mu browser, kapena VPN (pulogalamu yodutsitsa intaneti yanu pa seva ina), zimitsani kaye muyesenso, kapena yesani dzina lina la nkhokweyo.

Dziwaninso kuti amene amayendetsa archive.today sadziwika poyera, ndipo palibe bungwe lomwe lingayankhe itati yatsekedwa mawa. Umboni wofunika usagone kumeneko kokha. Kwa olemba za malamulo ndi za maphunziro kuli Perma.cc, yomwe inayambitsidwa ndi laibulale ya Harvard Law School mu 2013; munthu payekha amapatsidwa malinki ochepa aulere, opitirira apo ndi olipira pokhapokha ali pansi pa laibulale kapena khoti lomwe linalembetsa.

Ena akuti ndiwonjezere "?1" kumapeto kwa adilesi kapena ndiyatse VPN kuti ndidumphe malire. Zimagwira?

Kamchirako nthawi zambiri kamagwira, chifukwa makinawo amaona ngati ndi adilesi yatsopano. Koma kopelo limakalowa pansi pa adilesi yachilendoyo, ndipo munthu wodzasaka adilesi yeniyeni pa kalendala sadzalipeza. Ngati tsamba lasintha mwadzidzidzi ndipo mukuopa kuti lichotsedwa usiku womwewo, kuchita zimenezi kamodzi n'komveka, bola musunge linkiyo bwino. Kuzisandutsa chizolowezi ndi kudzaza nkhokwe ndi zinyalala.

VPN imangokusamutsirani ku adilesi ina ya IP yomwe mukugawana ndi anthu ochuluka kuposa poyamba, ena mwa iwo ndi makina okolola masamba. Kawirikawiri 429 ndi CAPTCHA zimachuluka m'malo mochepa.

Ndili ndi malinki mazana ambiri. Ndiziika imodziimodzi?

Ayi. Amene ali ndi akaunti akhoza kulemba malinkiwo mu Google Sheets n'kuwapereka kudzera pa njira yomwe Internet Archive inakonzera zimenezi, ndipo makinawo amawayendetsa pang'onopang'ono n'kulemba zotsatira pambali pa linki iliyonse. Odziwa kulemba mapulogalamu ali ndi API ya Save Page Now, njira yoti pulogalamu izitumiza yokha mapempho, yomwe imafuna makiyi otengedwa mu akaunti. Ubwino wa API ndi woti imatchula mtundu wa vuto momveka kuposa "Job failed". Malire amakhalapobe, choncho pulogalamu yanu izipumira pakati pa mapempho ndipo izitalikitsa kupumako ikalandira 429.

Webusayiti yonse ikakhala pangozi yotsekedwa, Save Page Now si chida chake. Ntchito imeneyo amaigwira ndi a Archive Team, gulu la anthu odzipereka lomwe linayamba mu 2009, ndipo mabungwe monga malaibulale ndi mayunivesite amalipira Archive-It kuti azisunga mawebusayiti athunthu nthawi ndi nthawi.

Zonse zakanika ndipo tsambalo likhoza kuchotsedwa nthawi ina iliyonse. Ndisunge bwanji kope langa?

Chitani zimenezi poyamba, osati pomaliza. Njira yachangu pa foni ndi pa kompyuta ndi "Print" kenako "Save as PDF". Jambulaninso sikirini adilesi ndi nthawi zikuoneka. Pa kompyuta, SingleFile imasunga tsamba lonse mu fayilo imodzi yotseguka popanda intaneti, ndipo ArchiveWeb.page ya a Webrecorder imajambula zonse zomwe browser yanu ikulandira pomwe mukuyenda m'tsambamo, kuphatikizapo masamba ofuna kulowa mu akaunti. Fayilo yotereyi ikhoza kukhala ndi zinsinsi za akaunti yanu, ndiye musamaigawe mwachisawawa.

Kufooka kwa kope lanu n'kwakuti wotsutsa akhoza kunena kuti munalikonza nokha, pomwe kope la m'nkhokwe lili m'manja mwa ena ndipo tsiku lake simungalisinthe. N'chifukwa chake muyenera kubwereranso ku nkhokwe mawa lake ngati tsambalo likadalipo. Lembani penapake adilesi yonse, tsiku, nthawi, ndi uthenga womwe nkhokwe inakupatsani pokana.

Ndikadandaule kwa ndani?

Internet Archive imalandira makalata pa info@archive.org. Antchito ndi ochepa poyerekeza ndi makalata omwe amafika, ndiye yankho likhoza kuchedwa. Kalata yothandiza imakhala ndi adilesi yeniyeni yomwe ikukana, mawu onse a uthengawo monga momwe alili, tsiku ndi nthawi pamodzi ndi dziko lomwe muli, ngati munalowa mu akaunti kapena ayi, ndi zotsatira za kuyesa komwe tafotokoza pa funso la "Job failed". Malire a tsiku sachotsedwa chifukwa cha kalata ya munthu mmodzi, koma webusayiti yomwe masamba ake onse akukana kwa masiku angapo ndi nkhani yoyenera kuwadziwitsa. Ngati webusayitiyo ndi ya bungwe lanu kapena mukudziwa amene amaiyang'anira, yambani ndi iyeyo: nthawi zambiri chitetezo chomwe chikutchinga nkhokwe anangochiyatsa osadziwa, ndipo akhoza kuilola kudutsa.